Chikalata cha M'chiuno mwa Apongozi

Limbe,
15 Malichi 1959

Okondedwa achimwene a Vitalis,

Moni wambiri kwa inu, kwa alamu anga a Zione ndi ana onse. Kaya muli bwanji uko ku Milanje, m'dziko la Apwitikizi? Ife tilipo, ngakhale tauni yatentha masabata ano. Asilikali ali ponseponse, ndipo amuna anga a Kingstone amaimitsidwa kawiri asanafike kuntchito. Iwo sadandaula. Mukuwadziwa alamu anu, munthu wa mapepala, akawafunsa limodzi amatulutsa atatu.

Chimene ndalembera ndi ichi, ndipo muwawerengere amayi pang'onopang'ono. Ndine woyembekezera. Mwezi wake ndi Juni, koyambirira. Sindinafune kunena msanga, chifukwa chake mukuchidziwa. Ana anga awiri aja ndinawaika m'manda asanathe ndi sabata, onse ali m'chikuta, asanaone dzuwa. Maulendo onse awiri anandithandiza ndi anansi, anthu abwino ndithu, koma wina Myao, wina Mngoni, aliyense ndi zakwawo. Uyu akuti mchombo ukagwa uchite chakuti, uyo akuti ayi, kwathu sititero. Ndinamvera onse, ndipo ndinatsala ndi matewera okhaokha.

Ulendo uno ndikufuna amayi. Kwathu mwana amatuluka m'chikuta ali m'manja mwa agogo ake akuchikazi, ndipo ine ndinachoka kumudzi ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi kudzakhala ndi azakhali kuno, za izi sindinaphunzireko. Azakhaliwo anamwalira. Amayi awo a Kingstone anamwalira. Ndili ndi mantha, achimwene, sindikubisirani.

A Kingstone akuti masiku ano pa malire pa Muloza sakuoloka wamba ngati kale, munthu azikhala ndi chikalata. Chonde kagwadeni kwa Apwitikizi anuwo. Ndikudziwa kuti ndinu mphunzitsi wa katekisimu, koma musandiyankhe ndi vesi. Mundiyankhe ndi tsiku limene amayi anyamuke.

Ndine mlongo wanu,
Cecilia


Milanje,
5 Epulo 1959

Mlongo wanga Cecilia,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Kuno tili bwino, kungoti mvula yawononga msewu wa kumishoni. Kalata iyi akupatsa ndi amayi pamanja, ndiye vesi sindikuikamo, monga unalamula.

Usaganize kuti zinali zapafupi. Ndinaima pa posito, ofesi ya boma la Apwitikizi, masiku atatu, chipewa chili m'manja. Tsiku lachitatu ndinapita ndi kalata ya bambo mfumu athu, ndipo pamenepo mkulu wa posito anandiona kuti ndine munthu. Watipatsa chikalata chaulendo cha masiku makumi asanu ndi anayi, ndiye kuti miyezi itatu, mpaka kumayambiriro kwa Julayi. Ndawerengera bwino: mwana abadwa, atuluka m'chikuta, ndipo amayi atsala ndi masabata ena ocheza. Anthu kuno akuti sanaonepo wina atapatsidwa masiku ochuluka chotere. Sindikudzitama, ndikungonena zimene anthu akunena.

Ndawauza amayi kuti pepala limeneli ndiwo moyo wawo. Lisanyowe, lisang'ambike, asalionetse munthu aliyense koma wapolisi yekha. Andimvetsa kuposa mmene ndimafunira. Alikulunga m'kansalu kofiira kamene Zione wang'amba kumpango wake, ndipo alimanga m'chiuno mkati mwa zovala. Akuti wakuba ayambe wawapha.

Mawa Lolemba ndiwaperekeza mpaka pa mlatho wa pa Muloza. Ine sindingaoloke, chikalata ndi cha munthu mmodzi. Tsidya lanulo akakwera basi ya ku Mulanje. Ngati ukuwerenga izi, ndiye kuti afika. Undilembere za ulendo wawo, makamaka bondo lija.

Ine mlongo wako,
Vitalis


Limbe,
12 Epulo 1959

Achimwene,

Zikomo, zikomo kwambiri. Amayi anafika bwino Lolemba madzulo, bondo litatupa pang'ono koma pakamwa pali pabwinobwino. Asanakhale pansi anali atandiuza kale kuti ndaonda, kuti nyumba ndi yaing'ono ngati khola la nkhunda, ndiponso kuti madzi a pampopi akununkha chitsulo. Ndinalira ndi chimwemwe.

Koma mukanabwera mudzaone sewero la m'nyumba muno. Zipinda ziwiri, khomo limodzi, mkamwini ndi apongozi. A Kingstone akamachokera kuntchito amayamba kutsokomola ali patali, kuti amayi apeze kolowera. Amayi akamva chifuwacho amatembenukira kukhoma ndi kufunda kumutu. Tsiku lina anakumanizana pakhomo penipeni. Amuna anga anabwerera chambuyo mpaka kugwera mu ngalande, tayi ali m'khosi. Munthu wobadwira ku Blantyre, wolankhula Chizungu ndi azungu tsiku lililonse, koma mwambo wa agogo ake aulondola kuposa anthu akumudzi. Amayi akondwa nawo zedi. Akuti ndinakwatiwa ndi munthu woleredwa.

Lachitatu a Kingstone anandituma kuti ndikapemphe chikalata chija, akuti angochiona. Mukanamva yankho lake. Amayi anati, “Mkamwini agwire chinthu chochokera m'chiuno mwanga? Kodi kuno ku Limbe manyazi munagulitsa pamsika?” Ndinakawauza a Kingstone mawu omwewo, osachotsapo. Anachita manyazi mpaka chakudya chinawakanika, ndipo anandipempha kuti ndisadzaitchulenso nkhaniyi. Ine ndinati ndichione ndekha, amayi anati ndiwerengapo chiyani, Chipwitikizi sindichidziwa, ndipo mwana wawo mphunzitsi anawerenga kale, miyezi itatu. Ndiye basi, chili komweko.

Ndikugona tulo tsopano, achimwene. Perekani moni kwa a Zione.

Cecilia


Milanje,
20 Epulo 1959

Cecilia,

Moni nonse. Kalata yako ndalandira, taseka nayo ndi Zione mpaka ana kudabwa. Koma ndikulemba mofulumira chifukwa cha chimene ndamva dzulo titatuluka m'tchalitchi.

Pali munthu wina wogulitsa nsomba zouma amene amaoloka kawirikawiri. Akuti chiyambire chipwirikiti cha kwanuko, a boma la Chitaganya pa mlatho sakusamala masiku amene Apwitikizi alemba. Akumadinda chidindo chawo kumbuyo kwa pepala, ndi masiku awo, m'Chizungu. Ena akuwapatsa mwezi, ena masabata awiri. Ine ndinaona amayi akulowa m'kanyumba ka tsidya lanulo, koma chimene anachita nalo pepalalo sindinaone.

Mwina ndi nkhani za ogulitsa nsomba. Komabe auze alamu ayang'ane kumbuyo kwa chikalatacho. Amayi uwauze kuti ndalamula ndine, ndipo ngati ndi tchimo lidzakhala langa. Undiyankhe msanga.

Vitalis


Limbe,
10 Meyi 1959

Achimwene,

Moni. Kodi kumeneko inki inatha? Chichokereni amayi simunalembeko, ngakhale kufunsa kuti bondo lili bwanji. Amayi akuti mwana wamwamuna ndi choncho, akangokukweza basi waiwala. Ine ndikukuikirani kumbuyo kuti makalata akuchedwa masiku ano, koma mundithandizeko.

Kuno zonse zili bwino. Miyendo yatupa, mwana akumenya ngati akufuna kutuluka mawa. Amayi asoka timalaya tiwiri, ndipo apeza kale anzawo achilomwe ku tchalitchi cha kuno, ocheza nawo Lamulungu mpaka dzuwa kupendeka. Ndimawafunsa kuti andiuziretu zimene tidzachite mchombo ukadzagwa. Amangoti, “Zimenezo sanenera mwana ali m'mimba. Ndilipo, udzaona ndi maso.”

Ndikawamva akutero mtima umakhala pansi. Lembani.

Cecilia


Limbe,
20 Meyi 1959

Alamu a Vitalis,

Ndikupereka moni. Wolemba ndine Kingstone, chifukwa mlongo wanu sangathe kugwira cholembera lero. Sakudwala, musaope. Koma nkhani si yabwino.

Dzulo Lachiwiri apongozi anapita kumsika wa Limbe ndi mayi wina woyandikana nafe, kukagula nkhate yatsopano yosambitsiramo mwana. Apolisi anali kufunsa mapepala pachipata. Anawamva akutsatsa malonda m'Chilomwe cha kwanu ndipo anawaimitsa. Apongozi sanachite mantha. Anapempha kuti apite kuseri kwa chisakasa, anamasula chikalata, nabwera nacho monyadira. Wapolisi anangochitembenuza.

Anandiitanitsa kuntchito cha m'ma leveni. Ndinawapeza apongozi ku polisi atakhala pabenchi, nkhate ili pamiyendo. Atandiona anatembenukira kukhoma monga mwa masiku onse. Wapolisi anandipatsa pepalalo kuti ndiwerenge ndekha. Alamu, aka kanali koyamba kuligwira, ndipo linali lofundabe. Kumbuyo kwake kuli chidindo cha pa mlatho, cha pa 6 Epulo, mizere iwiri ya Chizungu: aloledwa kukhala masiku makumi atatu. Masikuwo anatha pa 6 Meyi. Sizinanditengere ndi mphindi imodzi kuwerenga.

Sanawatsekere, chifukwa cha ukalamba. Awapatsa masiku asanu ndi awiri kuti atuluke m'dziko, ndiye kuti Lachiwiri likudzali, pa 26. Mwana tikumuyembekeza sabata yotsatira yake.

Ndapempha tchuthi. Mawa ndiyamba kuyenda m'maofesi. Ndimadziwa kulemba kalata yopempha, ndimadziwanso anthu angapo. Tikungofuna masabata atatu okha. Mutipempherere.

Ine mlamu wanu,
Kingstone


Limbe,
27 Meyi 1959

Alamu,

Moni. Pofika kalata iyi apongozi adzakhala ali kwanu kale. Ndikufuna mudziwe kumene ndinayenda, osati kuti ndidziyeretse, koma kuti musavutike kuganiza kuti pali khomo limene sindinagogode.

Lachinayi ndinapita ku ofesi ya alendo ku Blantyre. Ndinakhala pamzere kuyambira mmawa mpaka masana. Kalaliki wake ndinaphunzira naye sukulu, koma anandiyankha m'Chizungu. Anati ndibwere ndi kalata ya dokotala. Dokotala anati wodwala ndani, poti mwini chikalata ali bwino, ndipo pakati si matenda. Loweruka ndinapita kunyumba kwa bwana wanga ku Sunnyside. Ndinaima kukhomo la kukhitchini, agalu akundinunkhiza. Anatuluka, anandimvera chisoni ndithu, koma anati nyengo ino sangaike dzina lake pa nkhani ya munthu wa dziko lina. Bambo mfumu athu analemba kalata yabwino. Lolemba ndinabwerera nayo ku Blantyre, ndipo ulendo uno ndinalowa kwa mzungu mwini wake. Anaiwerenga yonse. Kenaka anati ndikanabwera pasanafike pa 6 Meyi, kuwonjezera masiku inali ntchito ya chidindo chimodzi, akanandipatsa miyezi iwiri popanda funso. Koma munthu wopitiriza masiku alibe chomuchitira. Anafunsa kuti ine, kalaliki, ndinalephera bwanji kuwerenga pepala lokhala m'nyumba mwanga. Ndikanamufotokozera bwanji?

Kalata yanu ya pa 20 Epulo inafika Lachisanu lapitali, itatsegulidwa ndi kumatidwanso. Cecilia anaiwerenga kawiri, naiika pansi pa mphasa.

Dzulo ndinawaperekeza ku depoti ya basi kuno ku Limbe. Cecilia sanathe kuyenda. Ine patsogolo ndi katundu, iwo kumbuyo, mtunda wa masiku onse uli pakati pathu. Basi ili pafupi kunyamuka, apongozi anandilankhula. Chikwatireni mwana wawo, aka kanali koyamba. Maso anali pa tayala la basi. Anati, “Bambo, mwamvutikira mwana wanga, ndaona. Mwanayo akabadwa asadutse pakhomo. Ndipita kukatenga pepala lina, ndibwera kudzamtulutsa ndekha.”

Ndinagwada ndi kuvomera. Alamu, ndinalephera kuwauza. Pa chikalatacho adindapo chidindo chachiwiri, ndipo chikunena kuti saloledwa kulowanso m'dziko lino kwa zaka ziwiri. Chiyang'aneni, chili pansi pa choyamba chija. Ndikukusenzetsani katundu amene anali wanga, ndipo ndikuchita manyazi.

Kingstone


Milanje,
28 Meyi 1959

A Kingstone,

Moni sindikudziwa ngati ndipereke. Dzana madzulo amayi anafika pakhomo pano wapansi kuchokera pa mlatho, atatsamira ndodo ya munthu wina, palibe kalata, palibe uthenga. Akuti apolisi awathamangitsa. Ndatembenuza chikalata ndipo ndaona zidindo ziwiri. Chizungu changa ndi chochepa, koma manambala ndimawadziwa.

Ndinakulemberani pa 20 Epulo. Munali ndi masabata awiri athunthu. Inu amene mumayenda ndi mapepala atatu m'thumba, munalephera kutembenuza limodzi? Kapena nyumba inakucheperani, munatopa ndi kutsokomola panjira, ndipo munaona kuti boma likuthandizani kuchotsa nkhalamba? Nenani zoona. Ine ndinaima masiku atatu padzuwa chifukwa cha pepala limeneli.

Mlongo wanga akaikanso mwana wachitatu, mudzandiyankha ine.

Vitalis


Milanje,
8 Juni 1959

Alamu anga a Kingstone, ndi iwe Cecilia,

Moni nonse. Makalata anu awiri afika limodzi Loweruka. Alamu, ija ndinalemba pa 28 muitenthe. Ndinalemba ndi mkwiyo, ndisanadziwe. Amene anawauza amayi kuti asaonetse pepala kwa munthu aliyense ndine. Amene anawauza kuti miyezi itatu ndine. Anakhulupirira mwana wawo mphunzitsi.

Za zaka ziwiri ndawauza. Bambo mfumu anandiwerengera chidindocho kuti nditsimikize, ndipo ndinawauza amayi pamaso pa Zione. Sanalire. Anafunsa kuti zaka ziwiri za Azungu ndi zofanana ndi zathu kapena ayi. Mmawa mwake sitinawapeze m'nyumba. Ndinakawapeza kumtsinje, kumunsi kwa mlatho, akuyesa madzi ndi ndodo. Ndinawagwira mkono. Ngakhale ataoloka, basi iliyonse ya ku Mulanje akuisecha, ndipo ndi bondo limenelo sangayende wapansi mpaka ku Limbe. Akawagwira kachiwiri ndi ndende, inunso ntchito ikhoza kutha.

Ndinapitanso ku posito kupempha kuti Zione abwere m'malo mwawo. Mkulu uja anaona zidindo zanuzo, nati banja lathu lamuchititsa manyazi, ndisadzaonekenso pakhomo pake chaka chino.

Ndiye ndinatenga pepala ndi cholembera, ndinakhala pansi, ndinati amayi nenani zonse zoyenera kuchita, ndilembe, Cecilia akachite yekha. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati zimenezo sizilowa m'khutu la mwana wamwamuna. Ndinati ndipeza mkazi wodziwa kulemba kumishoni. Anati, “Ungalembe manja anga? Si mawu amene amatulutsa mwana.”

Tsopano tsiku lililonse amapita kukakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mlatho, tsidya lathu lino. Aliyense wooloka amamufunsa ngati wachokera ku Limbe. Ndawaletsa, koma sakumva. Tiuzeni msanga, kodi kwachitika chiyani kumeneko?

Vitalis


Limbe,
21 Juni 1959

Achimwene,

Moni kwa inu ndi a Zione. Kalata yanu yafika. A Kingstone sanatenthe ija ya pa 28 Meyi, akuti munanena zimene iwo amadziuza okha. Musadandaule nazo. Tsopano mawu otsatirawa ndi opita kwa amayi. Pitani nawo pansi pa mango pomwepo, muwerenge monga ndalembera, musakonzepo.

Amayi, mwana anabadwa Lachitatu pa 3 Juni, dzuwa likutuluka, m'nyumba momwe muno. Ndi wamkazi. Anandithandiza ndi mayi aja munapita nawo kumsika. Ali ndi mphumi yanu ndipo amalira mokalipa ngati inu. Timamusambitsa mu nkhate munagula ija. Kamalaya kamodzi kamuthina kale.

Mchombo unagwa pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Sindinaukwirire, sindinautaye. Kansalu kofiira kaja munakasiya pamphasa tsiku lija munabwera kuchokera ku polisi. Ndaukulunga mmenemo ndipo ndamanga m'chiuno mwanga, mmene munkamangira inu.

Lero ali ndi masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Wapitirira abale ake awiri aja kuwaphatikiza pamodzi. Sanadutse pakhomo, monga munanenera. Tsitsi sitinamumete, dzina sitinamutche, ku tchalitchi sanapite. Anansi akuti ndikumulakwira mwana, akufunika dzuwa. Amayi achilomwe anzanu aja anabwera, anati atha kumutulutsa iwo, poti ndinu amodzi. Ndinawafunsa kuti kwawo ndi kuti, anati ku Gurue, kutali ndi kwathu. Ndinawathokoza, ndinawaphikira tiyi, anapita. Bambo mfumu akuti Mulungu sayang'ana manja a amene wanyamula mwana. Mwina akunena zoona. Koma awiri aja ndinamveranso anthu onena zoona.

A Kingstone anaganiza nzeru. Akuti tikwere basi mpaka pa Muloza, inu muime tsidya ilo, ife tsidya lino, mwina msilikali wachifundo angalole kuti tikumane pakati pa mlatho. Ndinakondwa mpaka ndinayamba kulongedza. Kenaka ndinawafunsa kuti pofuna kukafika ku basiko, mwanayu adutsa pati? Anatulutsa matewera m'chikwama ndi kuwabwezera pamalo pake.

Sindinapenge, amayi. Ndikudziwa kuti mwana sangakhale m'chipinda zaka ziwiri. Mmawa uliwonse a Kingstone akapita kuntchito ndimamufunditsa bwino, ndimamunyamula, ndimatsegula chitseko. Ndimaima pakhomo, dzuwa lili pa zala za kumapazi kwanga, ndipo ndimadziuza kuti lero ndiponda panja. Mwendo umakana. Ndimaima mpaka iye atayamba kulira, ndiye ndimatseka ndi kubwerera kukamuyamwitsa.

Musakhalenso pa mlathopo, kukuzizira. Koma mukapitako, ndipo wina akakuuzani kuti wachokera ku Limbe, musamutume mawu ambiri. Mungomuuza limodzi lokha, kuti ndidikire kapena ndiponde. Mawa nditsegulanso chitseko.

Ndine mwana wanu,
Cecilia